Kusanjika nsalu ya kaboni: mkono wa drone wosapindika ndi mwendo wogonja

Pa drone ya mapulopela anayi pali ziwalo ziwiri zofuna zinthu zosemphana. Mkono wonyamula mota suyenera kupindika kapena kupotoka, chifukwa ukamanjenjemera zithunzi za kamera zimatuluka zamafundemafunde, ndipo kakompyuta koyendetsa ndegeyo kamasokonezeka. Mwendo woterera uyenera kugonja ndege ikagunda pansi, kenako n'kubwerera mwakale. Zonse ziwiri zimapangidwa ndi zipangizo zofanana, pa tebulo limodzi. Chozisiyanitsa ndi kumene ulusi ukuloza ndiponso malo amene nsalu iliyonse yakhala mu msanjiko. Kuchuluka kwa nsalu ndi nkhani yachiwiri, ndipo kuchulutsa epoxy, guluu wamadzi wonyowetsera nsaluyo amene amauma gwa, kumangowonjezera kulemera basi.

Ndasankha drone chifukwa ntchitoyi yafika kale kwathu. Boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera ma drone ku Kasungu mu 2017, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe. Wophunzira kuulutsa amagwetsa ndege, imeneyo ndi njira yake, ndipo kudikira mkono woitanitsa kunja kumaimitsa ntchito. Njira yomwe ndikufotokoza pano mungaigwiritsenso ntchito pa nkhafi kapena pa mapiko a ndege zing'onozing'ono.

Dziwani kaye khalidwe la ulusi

Yang'anani mphasa. Mumaikulunga mosavuta, koma yesani kuipinda motsata utali wa bango: imakana mpaka bango kusweka. Nsalu ya kaboni ikauma mu epoxy imachita chimodzimodzi. Ulusi umanyamula katundu motsata utali wake wokha. M'mbali, chogwira ndi epoxy yokha.

Kusiyana kwake n'kwakukulu kuposa momwe ambiri amaganizira. Kuuma kwa chinthu, ndiko kukana kwake kutanuka, kumayezedwa mu GPa. Chitsulo chili pa 200 kapena kupitirira pang'ono, aluminiyamu pa 70. Ulusi wa kaboni wodziwika kwambiri, T300 ndi T700 wa kampani ya Toray ya ku Japan, uli pa 230. Epoxy ili pa 3 yokha. Mukasakaniza ziwirizi, ulusi wonse utaloza kumodzi, mbale yotulukayo imakhala pakati pa 110 ndi 135 motsata ulusi, koma osafika 10 mopingasa ulusi. Mbale imodzi yomweyo, mbali ina yaposa aluminiyamu, mbali ina ili ngati pulasitiki wamba.

Kumene ulusi ukuloza timatchula ndi madigiri. 0 ndi motsata utali wa chiwalocho, ndipo ulusi umenewu ndi wokana kupindika. 90 ndi mopingasa, ntchito yake kuletsa chiwalo kung'aluka m'litali. 45, mopendeka kumanja ndi kumanzere, ndi wokana kupotoka.

Kumbukiraninso kuti kuuma si kupirira nkhonya. Ulusi wa kaboni umaduka ukatanuka pafupifupi 2 peresenti kapena osafika n'komwe, ndipo umaduka mwadzidzidzi osachenjeza. Kampani ya Rolls-Royce inaphunzira zimenezi mowawa pa injini ya ndege ya RB211. Masamba a fani ya injiniyo, opangidwa ndi kaboni wotchedwa Hyfil, anali opepuka ndi ouma, koma anasweka pa mayeso owombedwa ndi mbalame, ndipo kampaniyo inabwerera ku titanium. Mavuto a injini imeneyi anathandizira kugwa kwa kampaniyo mu 1971. Tikafika pa mwendo muona chifukwa chake ndikutchula nkhaniyi.

Sonkhanitsani zipangizo

Nsalu mukufuna zamitundu itatu. Yoyamba ndi UD, ya ulusi woloza kumodzi, yolemera magalamu 200 pa sikweya mita. Yachiwiri ndi kaboni wolukidwa wa twill (kalukidwe kooneka ndi mizere yopendeka), 3K, wolemera chimodzimodzi. 3K ndiye kuti chingwe chilichonse chili ndi tiulusi 3,000, kalikonse konenepa mamaikiromita 7, kuonda kwambiri kuposa tsitsi. Yachitatu ndi fibreglass yolukidwa, ndiyo nsalu ya ulusi wa galasi, nayonso ya magalamu 200. Nsalu imodzi ya kaboni yotere ikauma imanenepa pafupifupi 0.25 mm, ndiye zinayi zimapereka 1 mm.

Epoxy ikhale yopangidwira kunyowetsa nsalu, yamadzimadzi, ya hardener (mankhwala osakaniza ndi epoxy kuti iume) youma pang'onopang'ono. Epoxy ya m'timachubu ya mphindi zisanu yomwe timamatira ziwiya siigwira ntchito pano. Polyester ya okonza mabwato ndi mabampa a galimoto musaiyese: siimatirira bwino ku kaboni, komanso imasungunula foam yoyera, pulasitiki wopepuka uja wonga thovu.

Zina ndi izi: sikelo yoona ngakhale 0.1 g, makapu apulasitiki, timitengo totakasira, burashi, khadi lakale la kubanki lokwecheza nalo, sizasi yakuthwa, rula yachitsulo, tepi, magolovesi a nitrile, galasi la zenera lokhuthala, phula lothandiza kuti chinthu chisamatirire, ndi peel ply, kansalu kopyapyala komwe kamayamwa epoxy yochuluka n'kusendeka ikauma. Ngati mungapeze kompulesa ya firiji yakale yoyamwira mpweya m'thumba, ndi mwayi. Ngati palibe, matabwa awiri osalala ndi ma clamp akwana.

Yambani ndi tizidutswa toyesera

Ndikudziwa kuti mtima uli pa mkono weniweniwo. Dekhani kaye. Tsiku limodzi la tizidutswa lidzakuphunzitsani zoposa masamu onse, ndipo lidzakuonetsani mmene manja anu, epoxy yanu ndi nsalu yanu zimachitira zikakhala pamodzi.

Mupanga timbale tinayi, kalikonse 100 mm ndi 250 mm, ka nsalu zinayi. Koyamba: UD zonse pa 0. Kachiwiri: UD pa 0, 90, 90, 0. Kachitatu: nsalu zomwezo koma motembenuza, 90, 0, 0, 90. Kachinayi: twill zinayi zodulidwa mopendeka pa 45.

Dulani nsalu zonse musanatsegule botolo la epoxy. Matani tepi pamzere wodulapo n'kudula pakati pa tepiyo kuti nsalu isamasuke. UD igwireni ndi manja awiri, imamwazikana msanga. Twill ya pa 45 musaikoke, chifukwa ikakokedwa madigiri amasintha. Sanjani zidutswa pa pepala motsata dongosolo lake, ndipo lembani dongosololo ndi zilembo zikuluzikulu pakhoma. Manja akanyowa epoxy, mutu umaiwala kuti nsalu yachitatu inali iti.

Pakani galasi phula katatu, mukupukuta nthawi iliyonse likauma.

Tsopano yesani epoxy pa sikelo. Lamulo losavuta pa ntchito ya manja ndi lakuti epoxy yosakaniza kale ilemere mofanana ndi nsalu. Kambale kamodzi kali ndi magalamu 20 a nsalu, ndiye mukufuna magalamu 20 a epoxy, kuonjezapo 10 otsalira mu burashi ndi m'kapu. Muyeso wa hardener tsatirani wolembedwa pa botolo lanu, osati wa botolo la mnzanu. Ngati walembedwa 100 pa 30 mwa kulemera, ndiye magalamu 23 a epoxy ndi 7 a hardener. Kuonjezera hardener kuti ziume msanga n'kulakwa: zotsalira zimakhala mkatimo osagwirana ndi kanthu, ndipo mbale imatuluka yofewa mpaka kalekale. Takasani mphindi ziwiri zathunthu, mukupala m'mbali ndi pansi pa kapu.

Nyengo yathu ili ndi mawu pa ntchitoyi. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, nthawi yogwirira ntchito epoxy isanayambe kulimba imatsika pafupifupi ndi theka. Masana a mwezi wa October, makamaka kunyanja ndi ku chigwa cha Shire, mphindi zolembedwa pa botolo sizikwana. Gwirani ntchito m'mamawa, sakanizani pang'onopang'ono, ndipo mukatakasa thirani epoxy m'mbale yotakata. Ikakhala mulu m'kapu imadzitenthetsa yokha mpaka kufuka utsi ndi kusungunula kapuyo. M'dzinja chinyezi chimasiya kamafuta konanda pamwamba pa epoxy youma. Peel ply imachoka nako, ndipo pomwe panalibe peel ply tsukani ndi madzi musanamatepo china.

Pakani epoxy pang'ono pa galasi, yalani nsalu yoyamba, ndipo dinizani ndi burashi moimika, osati mosesa ngati penti. Kaboni ndi wakuda, sasintha mtundu akanyowa monga imachitira fibreglass, ndiye yang'anani mopendeka pa kuwala: pouma pamaoneka pambuu. Kwechezani ndi khadi motsata ulusi kuchokera pakati kupita kunja. Yalani yachiwiri pa yonyowayo kuti iyamwe kuchokera pansi, muonjezere epoxy pokhapo pakuperewera. Mukamaliza zinayi, yalani peel ply, pamwamba pake pulasitiki woboolaboola ndi singano, kenako nsalu yakale yoyamwa, ndiye thabwa ndi ma clamp, kapena thumba la vacuum, loyamwidwa mpweya ndi kompulesa ija.

Vacuum imaposa kudiniza ndi thabwa pa chifukwa chomveka. Mpweya wotizungulira umadiniza pafupifupi kilogalamu imodzi pa sikweya sentimita iliyonse m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo ku Lilongwe, komwe kuli pamwamba ndi mamita opitirira 1,000, umachepako pang'ono. Kambale kathu kali ndi masikweya sentimita 250, ndiye ngakhale kompulesa itayamwa theka lokha la mpweya, zili ngati mwasanjikapo matumba awiri a simenti ndi kupitirira, ndipo kudinizako n'kofanana paliponse.

Siyani maola 24. Mukachotsa, dulani kachidutswa ka 25 mm m'lifupi kuchokera pakati pa kambale kalikonse, n'kuyeza kunenepa kwake. Kapanikizeni m'mphepete mwa tebulo kuti 150 mm itulukire kunja, pachikani kathumba ka mchenga ka magalamu 100 kunsonga, ndipo werengani pa rula kuti nsonga yatsika motani.

Ngati tizidutswa tanu tili pafupi ndi 1 mm, koyamba katsika pafupifupi 5 mm. Kachiwiri kapitirira pang'ono chabe, ngakhale theka la ulusi wake likuloza kumbali. Kachitatu katsika pafupifupi 25 mm. Kachinayi kapitirira 30. Manambala anu asiyanako ndi awa, koma kusiyana pakati pa tizidutswa kukhala komweko.

Imani pa kachiwiri ndi kachitatu. Nsalu ndi zomwezo, epoxy yomweyo, kulemera komweko, koma kena n'kouma pafupifupi kasanu kuposa kanzake. Chinthu chikamapindika, khungu la mbali imodzi limakokedwa, la mbali ina limafinyika, pomwe pakati penipeni sipamva kanthu. Mu nsalu zinayi, ziwiri zakunja zimagwira magawo 7 mwa 8 a ntchito yokana kupindika, ziwiri zamkati gawo limodzi lokha. Ulusi wa 0 ukaikidwa pakati wangokhala mlendo.

Kenako gwirani kachidutswa kalikonse kunsonga zonse ziwiri n'kupotokola. Koyamba, kamene kanapambana pa kupindika, kapotoka mosavuta, mwinanso mumva kakulira tsetsetse ulusi ukupatukana. Kachinayi, kofewa kaja, kakukanizani. Pachikaninso kathumba pa kachinayi usiku wonse. M'mawa mupeza katatsikirako, ndipo mukachotsa katunduyo kabwerera mozengereza. Zili choncho chifukwa pa 45 katundu wambiri wopinda amadutsa mu epoxy, ndipo epoxy imatopa. Musadzapange sipuling'i ndi 45 yekha.

Malamulo awiri a msanjiko

Loyamba: msanjiko ukhale wofanana kuchokera pakati kupita mbali zonse ziwiri. Chimene chili chachiwiri kuchokera pamwamba chikhalenso chachiwiri kuchokera pansi. Ulusi wa kaboni susintha utali kukatentha kapena kukazizira, pomwe epoxy imafota. Mukasanjika 0, 0, 90, 90, mbali ziwirizi zimakokana mosiyana ndipo mbale imachoka pa galasi itakhota kale.

Lachiwiri: pa nsalu iliyonse ya UD yopendekera 45 kumanja, pakhale inzake yopendekera 45 kumanzere. Twill yodulidwa mopendeka ili nazo kale zonse ziwiri. Mukaphwanya lamuloli, chiwalo chimapotoka chokha pamene chikupindika. Akatswiri ena amachita zimenezi dala: mapiko a ndege yoyesera ya ku America ya Grumman X-29, yomwe inauluka koyamba mu 1984, analoza kutsogolo, ndipo ulusi unasanjikidwa mwakuti phiko likamapindika lizipotokera kumbali yochepetsa mphamvu ya mphepo. Iwo anali ndi makompyuta ndi malo oyesera. Ife pa tebulo tisunge lamulo.

Palinso kachizolowezi kabwino: musaunjike UD zoloza kumodzi zoposa zinayi popanda ina yopingasa pakati, chifukwa mng'alu ukayamba umayenda mosatsekerezedwa.

Kupanga mkono

Chinsinsi cha mkono wouma ndi kutalikitsa khungu lapamwamba ndi lapansi. Kuuma kwa mbale kumakwera mofulumira ndi kunenepa: mukanenepetsa kawiri, imauma kasanu n'katatu. Koma kudzaza pakati ndi kaboni n'kutaya ndalama pa malo osagwira ntchito. Tengani nsalu zinayi zija za 1 mm, mugawe ziwiri pamwamba ziwiri pansi, pakati muike foam ya 5 mm. Pa masamu, kuuma kumakwera pafupifupi ka 90, pomwe kulemera kwaonjezeka ndi magalamu ochepa chabe.

Semani foam yolimba kukhala kamtengo ka 250 mm m'litali, 15 mm m'lifupi, 12 mm msinkhu. Kumapeto konse kuwiri, pomangira mota ndi polumikizira ku thupi la drone, chotsani foam mumatepo tizidutswa ta plywood kapena mtengo wolimba wouma bwino, ta 40 mm. Mukapanda kutero, bawuti idzaphwanya foam mukamamanga ndipo mota izigwedezeka. Zungulizani makona onse ndi sandipepa. Kaboni sakonda ngodya yakuthwa: amadumpha n'kusiya mpweya pansi pake.

Mkono sumva kuwawa mofanana m'litali mwake. Mota ikamakokera m'mwamba, mphamvu yopinda imachuluka patsinde, pafupi ndi thupi, ndipo imatha kunsonga. Ndiye dulani timizere ta UD ta 15 mm m'lifupi, tautali wosiyana: 80 mm, 150 mm ndi 250 mm, awiri awiri, kena ka pamwamba kena ka pansi. Tonse tiyambire kutsinde. Kafupi kakhale pa foam, kapakati pamwamba pake, katali kaphimbe tonse. Dongosolo limeneli n'lofunika. Pamene nsalu yathera pamakhala kachitunda, ndipo katundu amaunjikana pamenepo. Nsalu yaitali ikaphimba kachitundako, sikangayambe kusendeka. Musalole nsalu ziwiri kuthera pamzere umodzi. Patukanitsani mathero ndi 10 mm kapena kupitirira.

Pakani foam epoxy kaye kuti isayamwe ya nsalu. Yalani timizere ta UD, ndipo apa khalani ndi nthawi. Kokani kamzere kalikonse pang'ono kuti ulusi uwongoke ngati chingwe cha gitala. Ndege ikamauluka, khungu lapamwamba la mkono ndi lomwe limafinyika, ndipo kaboni amalephera msanga pofinyika kuposa pokokedwa. Khwinya limodzi laling'ono mu UD ndi pomwe mkono udzathyokere.

Kenako kulungani mkono wonse ndi twill yodulidwa pa 45, kuzungulira kawiri, mathero apitirire poyambira ndi 15 mm ndipo agwere m'mbali, osati pamwamba kapena pansi. Nsalu imeneyi ikugwira ntchito zitatu: ikukana kupotoka, ikunyamula katundu pakati pa khungu lapamwamba ndi lapansi kudzera m'mbali, komanso ikuteteza UD ku zokala. Twill yopendeka imagona bwino pamakona, muona nokha kuti siivuta ngati ya 0 ndi 90.

Kulungani peel ply, kenako lowetsani m'thumba la vacuum. Ngati mulibe, zengani ndi tepi ya magetsi, mbali yomata ikuyang'ana kunja, mukukoka mofanana kuchokera pakati kupita kunsonga, n'kuboola tepiyo ndi singano kuti epoxy yochuluka ituluke. Musakoke mpaka foam kufinyika. Mangirirani mkonowo pa kachitsulo kowongoka pamene ukuuma. Mikono inayi ipangidwe ndi miyeso imodzi, ndipo ikauma iyeseni yonse pa sikelo ndi pa tebulo monga munachitira tizidutswa. Umodzi ukasiyana kwambiri ndi inzake, m'kati mwake muli vuto.

Kupanga mwendo

Apa maganizo atembenuke. Tikufuna chiwalo chopindika kwambiri osaduka, ndipo RB211 ija yatiuza kale kuti kaboni yekha sapirira kumenyedwa. Ulusi wa fibreglass ndi wofewa pafupifupi katatu kuposa wa kaboni, uli pa 72 GPa, koma umatanuka kuposa 4 peresenti usanaduke. N'chifukwa chake galimoto ya Chevrolet Corvette inayamba kugwiritsa ntchito sipuling'i ya fibreglass kumbuyo mu 1981. Mwendo wathu ukhala wa fibreglass, kaboni angokhala chowongolera.

Chikombole pangani popinda lata losalala kukhala ngati uta wa miyendo iwiri, pakati pafulati pomangira ku thupi. Mapindiko akhale ozungulira bwino, osati ngodya. Kutani latalo ndi tepi yonyezimira yomatira makatoni, epoxy siigwira pamenepo.

Kwa drone ya makilogalamu awiri, yambani ndi nsalu 8, m'lifupi 25 mm, mwendo uliwonse 150 mm. Zisanu n'imodzi zikhale fibreglass ya 0 ndi 90, ziwiri zikhale UD ya kaboni pa 0. Funso ndi lakuti kaboniyo akhale pati. Werengani nsalu ziwiriziwiri kuchokera pakati. Pa magawo 64 a ntchito yokana kupindika, ziwiri za pakati penipeni zimagwira gawo limodzi, zotsatira 7, zotsatira 19, zakunja 37. Kaboni akakhala pakati penipeni, mwendo uli ngati wa fibreglass yokha. Mukamusunthira kunja sitepe imodzi, mwendo umaumirako pafupifupi ndi theka. Sitepe inanso, wauma kuposa kawiri. Akakhala kunja kwenikweni, wauma kuposa katatu, komanso wakhala pamalo otanuka kwambiri ndi ogundidwa ndi miyala. Ine ndimalangiza kuyamba ndi malo achiwiri kuchokera pakati: fibreglass, fibreglass, kaboni, fibreglass, fibreglass, kaboni, fibreglass, fibreglass. Mwendo wotere ukafika polephera, fibreglass yakunja imayera n'kuonetsa ming'alu isanaduke, ndiye mumauona pa nthawi yake.

Nyowetsani monga kale. Pamapindiko, UD imafuna kudzuka. Idinizeni ndi chala chovala golovesi ndipo muonetsetse kuti thabwa kapena thumba likugwira pamenepo. Pakati pomangira mabawuti onjezerani zidutswa ziwiri zazifupi za twill pa 45, m'kati mwa msanjiko, mofanana mbali zonse. UD yokha ikabooledwa imang'aluka kuchokera pa bowo kutsata ulusi.

Mwendo ukatuluka wouma kuposa momwe mumafunira, musaupale pamimba. Mukatero mukudula ulusi wogwira ntchito kwambiri ndi kuononga kufanana kwa msanjiko. Upaleni m'mbali. Kuuma kumatsika molingana ndi lifupi: mukachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a lifupi, kuuma kwatsikanso chimodzimodzi. Siyani tsinde lotakata, muzichepetsa kupita kuphazi, ndipo mwendo uzipindika mofanana m'litali monse m'malo mokhotera pamalo amodzi.

Kuumitsa, kudula ndi kumanga

Epoxy youma pa kutentha kwa m'nyumba imayamba kufewa ikafika madigiri 50 mpaka 60, ndipo chinthu chakuda chosiyidwa padzuwa kapena m'galimoto yotseka chimafika pamenepo. Werengani pepala la epoxy yanu. Zambiri zimafuna kuti pakatha maola 24 chinthucho chitenthetsedwenso maola angapo pa madigiri 50 kapena 60. Bokosi lamatabwa lokhala ndi babu lotentha ndi thermometer likwana, koma kwezani kutentha pang'onopang'ono, mwendo uli pa chikombole chake ndi mkono uli pa kachitsulo kake. Pomaliza pakani penti yoyera kapena yowala.

Dulani ndi diski ya dayamondi kapena hakiso ya mano ang'onoang'ono, ndipo nyowetsani podulapo. Fumbi la kaboni limayabwa, limalowa m'mapapo, komanso limapititsa magetsi, kotero likagwera mu mota, chaja kapena kompyuta limayambitsa shoti. Valani chotseka mphuno chosefa fumbi ndi magalasi, gwirirani panja kutali ndi zamagetsi, ndipo pukutani ndi nsalu yonyowa, osati kuuzira. Epoxy yamadzi isakhudze khungu. Thupi limatha kuyamba kudana nayo patapita nthawi, ndipo zikatero zotupa zimabwera nthawi iliyonse mukaiyandikira. Ikakudontherani sambani ndi sopo ndi madzi, osati thinner kapena acetone, zomwe zimailowetsa m'khungu.

Poboola, panikizani kathabwa kuseri kuti nsalu yomaliza isasendeke, ndipo bowo litalikire m'mphepete katatu kukula kwake: la 3 mm likhale 9 mm kuchokera m'mphepete. Ikani mawashala otakata. Pakani epoxy pang'ono m'mphepete modulidwa ndi m'mabowo kuti chinyezi chisalowe.

Kaboni akakhudzana ndi aluminiyamu pamalo achinyezi, aluminiyamu imadyeka. Ikani kansalu ka fibreglass pakati pawo, kapena gwiritsani ntchito mabawuti a stainless. Kaboni amatchinganso mafunde a wailesi, ndiye GPS ikhale pamwamba pa kamtengo kake ndipo tinyanga ta risiva titulukire kunja kwa thupi. Mawaya a batire odutsa pamphepete podulidwa akutidwe ndi mphira.

Musanamange mota, gogodani mkono wonse ndi ndalama yachitsulo. Pomatirira bwino pamalira mokweza, pomwe pali mpweya kapena nsalu zapatukana pamalira mogontha. Zungulizani malowo ndi pensulo, ndipo ngati ali patsinde, mkonowo musauulutse. Miyendo iyeseni poimangirira pa thabwa lolemera ngati drone yanu, n'kuligwetsa pa udzu kuchokera pa 10 cm, kenako 20, kenako 30, mukuyang'ana mapindiko nthawi iliyonse. Thabwa likagunda pansi, sunthirani kaboni kunja sitepe imodzi pa mwendo wotsatira. Likadumpha mouma osagonja, palani m'mbali. Lembani m'kope msanjiko, kulemera, kunenepa ndi mamilimita amene chiwalo chilichonse chatsika, ndipo mubwereze kugogoda ndi kuyeza nthawi iliyonse ndege ikagwa.